Uthenga Wosanenera pa Foni

Bala yakale ya pansi pa hotelo ina ku Deira, mumzinda wa Dubai, itasanduka malo odyera, Enos anamulanda chotsegulira mabotolo n'kumupatsa epuloni yobiriwira. Anali atagwira ntchito kuseri kwa kauntala imeneyo zaka zambiri, mpaka thabwa lake linasalala pamene ankatsamiza chigongono. Koma mliri utakulanso kumayambiriro kwa 2021, mabala anatsekedwa, malo odyera okha ndiwo analoledwa kutsegula. Eni ake sanachedwe. Anachotsa ma TV a mpira, anapaka penti yoyera m'makoma omwe anali atada ndi utsi wa fodya, anaika matebulo motalikirana, pakati pake n'kutchinga ndi mapulasitiki oonekera. Dzina anasiya lomwelo, anangowonjezerako mawu akuti Kitchen. Pakauntala anandandalikapo miphika ya maluwa kuti munthu asatsamirepo. Mipando italiitali ya pabala anakaiunjika chadodolido m'kachipinda ka kumbuyo, koyandikana ndi khitchini, momwe kale makasitomala ankaseweramo madati, masewera olasa bolodi ndi timivi.

Enos sanadandaule. Ntchito inalipo, ndipo m'mawa uliwonse ankathokoza Mulungu chifukwa cha iyo asanatsike pabedi lake la pamwamba. Moyo wake unali wa ku akomodeshoni, nyumba yogona antchito, m'basi ya kampani, kuhotelo, m'basi, ku akomodeshoni. Kampani inaletsa kukacheza kwina. Iye ankangosunga mumtima tinthu ting'onoting'ono: dalaivala wa ku Pakistan amene ankadikira akamuona akuthamanga, ndi Bikash, wophika wa ku Nepal, amene ankamusiyira kansonga ka buledi wotentha pamwamba pa filiji osanena kanthu.

Foni inalira Lamulungu m'mawa akupinda timinsalu ta patebulo. Anali mlamu wake Potiphar, kuchokera ku Ntcheu. Malonje anali aafupi.

“Alamu, mlongo wanu Selina watisiya.”

Enos anakhala pansi pakona pa kauntala, pamene makasitomala sakanamuona. Potiphar anafotokoza kuti inali nthenda yomweyi, kuti mpweya unamuthera m'bandakucha, kuti azaumoyo anena kuti aikidwe tsiku lomwelo, popanda kugona pasiwa. Kenako anafika pa chimene anaimbira. Mabel, mwana woyamba wa malemuyo, sanamuuze. Abale onse agwirizana kuti wina asalembe kanthu pa Facebook, ngakhale a kumpingo awapempha. Mwanayo asamve pa foni ali yekha m'nyumba ya eni, wopanda womugwira.

“Malume ake ndinu, ndipo muli naye konko,” anatero Potiphar. “Mupite mukakhale naye pansi. Koma musachedwe, pakamwa pa anthu sitingapatseke mpaka kale.”

Enos anavomera. Atadula foni ndi pamene anakumbukira kuti mwana wa mlongo wakeyo anali asanamuone ndi maso pafupifupi chaka chathunthu.

Mabel ankalera ana ku Sports City, m'nyumba ya pamwamba kwambiri. Ntchitoyo anamupezera ndi Enos yemwe, kwa bwana Colin, mzungu amene kale ankabwera pabala Lachinayi lililonse, wokhala ndi mpando wakewake kumapeto kwa kauntala. Poyamba Mabel ankatuluka Lachisanu, tsiku lopuma kumeneko, kupita kutchalitchi, kenako kukacheza ndi amayi anzake a ku Malawi m'kafulati kena ku Hor Al Anz. Mliri utayamba, madamu ake anati basi, khalas. Eni nyumba ankapita kumashopu, ankapita kunyanja, ndipo Mabel ankatsagana nawo atanyamula mwana, koma yekha ayi. Madamu ankaopa mabasi, ankaopa sitima ya Metro, ankaopa zipinda zogona anthu ambiri. Foni yake Mabel ankaigwira madzulo, ana akadya.

Enos anaimbira bwana Colin, napempha kuti afike chabe pansi pa nyumbayo, aonane ndi Mabel pakhomo. Colin anati afunse kaye mkazi wake. Yankho linabwera masana: pepa Enos, osati panopa, iwe umagona m'chipinda cha anthu ambiri. Enos anaganiza zonena chifukwa chake, koma anadzigwira. Colin ankamudziwa bwino. Anali munthu wa mtima wabwino koma wosasunga mawu. Akanalowa m'nyumba makiyi a galimoto ali m'manja, n'kunena kuti sorry Mabel, amayi ako amwalira, mwanayo ali chiimire pasinki.

Ndiye anayesa njira ina. Anamuuza kuti malo aja atsegulanso, tsopano ana akuloledwa, abwere ndi banja lonse adzalawe nsomba ya Bikash. Colin anaseka mowawa. Anati eni hotelo anaipha bala yake, ndipo iye sangamwe mowa pamalo pamene pali timipando ta makanda. Enos anangoti mpando wanu uja ulipobe bwana, sanautaye.

Madzulo a tsiku limenelo Mabel analemba monga mwa masiku onse. Anafunsa ngati malume amvako za kumudzi, chifukwa foni ya amayi sikupezeka ndipo bambo akungoyankha mwachidule. Enos anayang'ana mawuwo nthawi yaitali. Analemba kuti amayi adwalika ndithu, tiwapempherere. Tsiku lotsatira Mabel anati wayamba kusala kudya. Tsiku linalo anatumiza voisi, akuimba motsitsa mawu nyimbo ya kwaya ya kwawo imene amayi ake ankaikonda, napempha kuti malume aitumize kwa aliyense amene ali pafupi ndi bedi lawo. Enos anaimvera m'basi, foni ataikanikiza kukhutu, nkhope atalozetsa kuwindo. Popemphera sankadziwa kuti apemphe chikhululukiro kapena mphamvu, ndiye ankapempha zonse ziwiri.

Lachitatu Colin anaimba. Mkazi wake waona zithunzi za malowo kwa anzake ndipo wawakonda. Abwera Lachisanu masana, ndi ana, ndi Mabel.

A ku Malawi pahotelopo analipo awiri okha, Enos ndi mayi Hildah, wa ku Zomba, amene ankayala mabedi m'zipinda za pamwamba. Hildah ndi amene ankamuseka Enos kuti ndi epuloni yobiriwirayo akuoneka ngati wogulitsa masamba pa Lizulu. Atamva nkhaniyi kusekako kunatha. Anamudzudzula kuti wakhala bwanji ndi maliro a mlongo wake m'mimba masiku onsewa ngati wameza mwala. Kenako anati uthenga wotere kwa mwana wamkazi sanena mwamuna yekha, payenera kukhala mayi woti amugwire. Adzasinthana shifiti ndi mnzake wa ku Uganda.

Eddie, weta wa ku Chipata, anamva nawo ali chiimire ndi thireyi. “Ba Enos, matebulo yanu nizagwila ine,” anatero. “Koma matipu nizadya, musakambe ati sininakuuzeni.”

Manijala, mayi wa ku Philippines wooneka wotopa nthawi zonse, anamvetsera mpaka kumapeto. Anawalola kachipinda ka madati, kwa kanthawi kochepa, chakudya chachikulu chikaperekedwa. Koma anachonderera chinthu chimodzi: phokoso ayi. Oyendera malamulo a mliri ankangotulukira osanena, ndipo antchito kuunjikana m'kachipinda kopanda windo inali nkhani yotseketsa malo. Komanso makasitomala a masiku ano, anatero, ndi a mabanja, amadandaula ngakhale supuni ikagwa.

Apa ndi pamene panamudetsa nkhawa Enos. Khoma la kachipindako linali la thabwa. Kale, tsiku la mpira, munthu akanatha kuzinga mbuzi m'menemo wina osamva. Tsopano m'malo monsemo munkangomveka kanyimbo ka piyano ndi kulira kwa mafoloko. Anafunsa Hildah kuti nanga mwanayo akalira. Hildah anati nanga asalire, amayi ake? Bikash anali pafupi akusenda anyezi. Chichewa sankamva, koma anayang'ana Enos, n'kuyang'ana khoma lija, n'kupitiriza kusenda.

Lachisanu linafika. Enos anawaona akuyezedwa kutentha pakhomo: Colin, madamu, kamtsikana kawo, ndipo kumbuyo Mabel atavala yunifomu ya pinki, khanda lili pachifuwa, chikwama cha matewera paphewa. Masiki inabisa pakamwa, koma maso anaseka atangomuona. Anapinda mawondo pang'ono, monga amachitira kwawo, khanda lili m'manja.

Anawakhazika patebulo la pakona. Anawerama n'kuyamba kuwathirira madzi.

“Malume, mwaonda,” ananong'ona Mabel. “Kapena ndi epuloniyi? Amayi lero ali bwanji?”

“Tikambirana, mwanangu. Yamba wadyetsa mwanayo.”

Madamu anaitanitsa chakudya cha onse, ndipo anamuitanitsira Mabel tchipisi ndi nkhuku osamufunsa. Mabel anakhala kumapeto, mpando wake utatembenukira kwa khandalo, akulipatsa phala la m'botolo. Chakudya chinabwera, chinayamba kuchepa m'mbale, koma khandalo silinkafuna munthu wina. Mabel akangosuntha, linkalira. Enos anazungulira tebulolo kangapo, akuchotsa mbale zimene zinali zisanathe n'kuzibwezanso. Manijala anamuyang'ana ali patali, n'kuloza wotchi.

Mwayi unabwera ndi Colin. Anadzuka kuti akaone pamene panali malo ake, naima kumapeto kwa kauntala, akuyang'ana mphika wa maluwa umene unali pamene ankaika tambula yake. Enos anamutsatira. Tsopano Mabel anali pafupi, pakamwa pa Colin sipakanathanso kumutsogolera. Anamuuza m'Chingerezi, mwachidule, kuti amayi a Mabel anamwalira Lamulungu, kuti ndi mlongo wake, ndipo akupempha kanthawi kuti amuuze kumbuyoku.

Colin anafunsa chifukwa chake sananene pa foni tsiku lija. Enos anati kwathu sititero, bwana. Colin anaima pang'ono akusisita tsamba la duwa. Kenako anapita patebulo, ananyamula khanda lija m'manja mwa Mabel ngakhale linkakana, nanena kuti apite akacheze ndi malume ake, mwanayo amugwira yekha. Madamu anafuna kufunsa, koma Colin anamugwira dzanja.

Mabel anatsatira Enos m'kanjira kopita kukhitchini akulankhula mosangalala. Anati wabweretsa sopo wonunkhira amene madamu anamupatsa pa Khirisimasi, malume akapeza wopita kumudzi amutumize kwa amayi. Enos anaima pakhomo pa kachipinda ka madati kaja. Anatsegula chitseko.

M'mawa Eddie anali atatsitsa mipando itatu ya pabala n'kuipukuta bwino. Hildah atafika anaibwezera pamulu. Anati palibe munthu amamva za maliro ali pamwamba, miyendo ikulendewera ngati mwana wa pa njinga. Anaphwasula makatoni a mafuta ophikira n'kuwayala pansi. Ndiye chimene Mabel anaona chitseko chitatseguka chinali ichi: mipando yoloza miyendo kudenga, bolodi ya madati yodzaza fumbi, ndi mayi wachikulire atakhala pansi, miyendo atatambasula, nsapato atavula, chitenje atamanga pamwamba pa yunifomu ya hotelo, mpango kumutu.

Mabel anaima pakhomo. Ku Dubai kuno anali asanaonepo mayi atamanga chitenje pa ntchito.

“Lowa, mwanangu,” anatero Hildah. “Khala apa, pafupi ndi ine.”

Anakhala. Enos anatseka chitseko, anavula epuloni, nakhala pansi moyang'anana nawo, nsana utatsamira miyendo ya mipando. Mawu amene anawakonza sabata yonse anabalalika. Ananena zimene akuluakulu amanena, kuti matenda aja anakula, kuti madokotala anayesetsa, kuti Mulungu wachita chifuniro chake. Kenako ananena dzina, kuti pasakhale kukayika.

“Amayi ako, a Selina, atisiya.”

Mabel anayang'ana makatoni. “Liti?”

“Lamulungu. Anawaika tsiku lomwelo.”

“Lamulungu.” Anakweza maso. “Nanga nyimbo ija ndinatumiza ija?”

“Ndinamvera ine.”

Apo mapewa a Mabel anayamba kugwedezeka. Anakanikiza manja onse awiri pamasiki, nawerama mpaka chipumi chinafika m'mawondo. Hildah anamukumbatira, malamulo a mamita awiri ataiwalika, namuuza kuti lira mwanawe, lira, usameze. Mabel anapukusa mutu, maso ali pakhoma la thabwa. Kuseri kwake kunkamveka piyano ija ndi mawu a madamu akunyengerera khanda. Chaka chathunthu cha kuyenda monyang'ama m'nyumba ya eni chinali chitamuphunzitsa kusamveka, ndipo ngakhale apa ankaopa kulira mokweza. Ankangotulutsa kamawu kochepa ngati ka munthu wotsamwa. Enos anaona misempha ya m'khosi mwake itatupa, ndipo anachita mantha. Anaganiza kuti wamusungira uthenga masiku onsewa kuti asamve ali yekha, koma wamubweretsa pamalo pamene sangathe n'kulira komwe.

Kenako kukhitchini kunabangula makina otsukira mbale, aakulu aja amene ankawayatsa malo akatsekedwa. Mafani onse okoka utsi anatsatira. Wina anathira madzi oundana m'makina ogayira zipatso n'kuwasiya akukukuta. Pamwamba pa zonsezo panamveka Bikash akukalipira anyamata ake m'chinenero chakwawo, akumenyetsa mapoto pasinki, munthu amene chiyambire Enos anali asanamumvepo akukweza mawu. Khoma la thabwa linayamba kunjenjemera.

Hildah anakweza mutu, namvetsera. Anavula masiki ya Mabel ndi dzanja lake. Ndiye anayamba kulira iye mwini, ndi mawu a pamaliro a kwawo, okoka, ochokera pansi pa mimba.

Mabel anatsatira. Analira amayi ake, anawaitana, anawafunsa kuti amusiyira yani, anawauza za sopo. Enos anagwira nkhope. Chiimbire Potiphar anali asanagwetse msozi, poopa anzake a m'chipinda ndi makasitomala. Analira mlongo wake amene ankamubereka kumbuyo popita kudimba, amene anamuperekeza pa depoti ya Ntcheu ndi nthochi m'kapepala. Anthu atatu pa makatoni a mafuta, ndiwo anali siwa yonse ya Selina.

Sizinatenge nthawi. Kulira kutayamba kutsika, Enos anapemphera mawu ochepa. Anapempha kuti Mulungu alandire mlongo wake, asunge Potiphar ndi ana ali kumudzi, ndipo akhale ndi Mabel m'chipinda chimene iwo sangafikemo. Makina ogayira aja anazima, kenako otsukira mbale. Chitseko chinatseguka pang'ono, dzanja la Eddie linalowetsa kapu ya tiyi wa mkaka, wa shuga wambiri, n'kubwerera.

Mabel anamwa theka. Anafunsa ngati amayi anavutika, ngati panali wina pafupi, ngati anawaveka yunifomu yawo ya chigwirizano. Zina Enos ankadziwa, zina anati afunsa. Za masiku amene anamubisira, Mabel sananene kanthu, ndipo Enos sanadziwe ngati kumeneko kunali kukhululuka kapena kutopa.

Manijala anagogoda ndi chala chimodzi.

Hildah anamasula chitenje chake, anachipinda kangapo mpaka chinachepa, nachilowetsa pansi pa matewera m'chikwama chija. Anati akafika akachimange m'chipinda mwake, akhale pansi, asagone pabedi lero. Anamupukuta nkhope ndi mpango, namuveka masiki yatsopano ya m'thumba mwake.

Patebulo Colin anali atamuuza kale mkazi wake. Madamu anaimirira, maso ali ofiira, nagwira Mabel pamkono. Anati pepa kwambiri, mawa usagwire ntchito, upume m'chipinda mwako. Enos analimba mtima. Anapempha ngati Mabel angatsale masana okhawo, akhale ndi mayi Hildah, iwo adzamukweza takisi dzuwa lisanalowe. Madamu anayang'ana mwamuna wake, anayang'ana khanda, nati akanakonda, koma Enos akudziwa mmene zinthu zilili panopa. Mwina zikadzatha izi, inshallah. Khandalo linali litatambasula kale manja, ndipo Mabel analilandira.

Pakhomo anapindanso mawondo. “Zikomo, malume. Mwandiuza bwino.”

Enos anaima kuseri kwa galasi mpaka galimoto inakhota. Atabwerera anapeza Eddie akuchotsa mbale. Ya Mabel inali yosakhudzidwa. Eddie anati tebulo lachiwiri ladandaula za phokoso la kukhitchini, ndipo manijala wawauza kuti makina anaonongeka, wawapatsa ayisikirimu. Enos anapita kukhitchini. Bikash anali atabwerera pa anyezi wake. Enos anamuthokoza kuti shukran, Bikash anangogwedeza mutu uku ndi uku, osakweza maso.

Panatsala tebulo lija. Lamulo linali lakuti kasitomala akachoka, tebulo ndi mipando yonse ipoperedwe mankhwala ena asanakhale. Enos anamanganso epuloni, anatenga botolo ndi kansalu. Anapopera mpando wa Colin, wa madamu, wa kamtsikana, kampando ka khanda. Pa mpando wa kumapeto anachedwa pang'ono, dzanja lili pa chotsamira. Pakhomo panali pataima kale banja lina, likuyezedwa kutentha. Anapopera, napukuta.

Kenako anabisala pakona pa kauntala, pansi pa maluwa aja, nalembera Potiphar: “Alamu, wamva. Sanali yekha. Auzeni anthu akhoza kulemba tsopano.”